Zipewa Ziwiri za Dona

Takhalani pansi kaye anzanga, vulani mahedifoni, amene muli pa kabaza muuzeni akuimitseni pamthunzi. Nkhani iyi ndi yaitali ndipo sindikufuna wina azidzati "fupikitsa" pakati. Dzulo wina anaponya pagulupu pano kavidiyo ka munthu wakunja akulimbana ndi galimoto yakale yokana kulira, nde ine ndinaseka mpaka kasitomala amene ndimamukonzera foni anandifunsa ngati ndili bwinobwino. Vuto limene munthuyo amalisaka ndi makamera atatu, ine ndinalipanga ndi manja angawa ndili ndi zaka khumi.

Ndikukumbukira kwathu kuseri kwa Mitundu, mwezi wa Juni, kuzizira kuja kolowa mpaka m'mano. Pakhomo pathu panali galimoto. Musaganize zapatali, sitinali olemera. Ababa anagwira udalaivala pa esiteti ina ya fodya zaka zambirimbiri, nde esitetiyo itatsekedwa anzawo anapempha malata ndi mawilibala, iwo anapempha galimoto yakufa imene inali kuseri kwa ofesi, nkhuku zikuikiramo mazira. Anaikoka ndi ng'ombe mpaka kunyumba. Yobiriwira, yamphuno yaitali, mipando yachikopa yong'ambika, yakale kuposa amayi. Anaipatsa dzina loti Dona, chifukwa Dona sadzuka m'mawa.

Kwa inu obadwa dzana amene simudziwa kabuleta: ndi kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya injini isanameze. Magalimoto ambiri akale amakhala ndi mmodzi. Dona anali ndi awiri, atakhala moyandikana pambali pa injini, aliyense atavala chipewa cha aluminiyamu ngati kamphika kovundikira. M'kati mwa chipewa chilichonse muli pisitoni yaing'ono imene imakwera ndi kutsika injini ikamapuma. Ababa makabuletawa ankawatchula mapasa.

Ndipo mapasa enieni tinalipo pakhomopo, ine Tadala ndi m'bale wanga Takondwa. Mukudziwa lamulo la kwathu, mapasa sasiyanitsa. Ukagulira wina diresi, winayonso diresi lomwelo. Wina akamwa mankhwala a chifuwa, winayonso alaweko ngakhale sakutsokomola, apo ayi akuti anyanyala. Ngakhale chikwapu chinkabwera pawiri. Ababa lamuloli analitengera kwa Dona: akadontheza oyilo pa kabuleta wakutsogolo, wakumbuyonso dontho lomwelo. Koma chimene chinkandiwawa ine n'choti ifeyo sankatisiyanitsa. Amayi ankatidziwa ndi mapazi okha tikamabwera kuseri kwa nyumba. Ababa ayi. Ankangoti "iwe" n'kudikira amene atembenuke.

Vuto la Dona linali la m'mawa. Masana atatenthedwa ankalira ndi kamodzi, koma m'mawa wa Juni ankafuna anthu. Ababa ankamugoneka pamwamba pa chulu kuseri kwa khola kuti azitsetsereka, komabe pankafunika mapewa. Ana a sukulu, anthu opita kudimba, aliyense wodutsa pamsewu wathu anamukankhapo Dona. Anthu ena anayamba kuzungulira njira ya kumanda kuti asaonedwe.

Nde Lamlungu lina amayi anali atavala yunifolomu yawo yoyera ya amayi a kumpingo, yosita ndi makala kuyambira m'bandakucha, tsiku limene iwo ankayambitsa nyimbo. Okankha anasowa. Amayi anaika Baibulo padenga la galimoto, n'kugwira kumbuyo. Dona anatsetsereka, anatsokomola kawiri, kenako anaphulitsa utsi wakuda bii, mwaye wonse pabulauzi. Amayi sanakalipe. Anatenga Baibulo lawo, anaimirira pawindo la ababa, n'kulankhula ndi mawu otsika aja amene ife tinkawaopa kuposa kukuwa.

"Bambo a mapasa, Loweruka tikukaona khanda la mng'ono wanga ku Nathenje. Dona wanuyu adzalire yekha ndi kiyi, popanda munthu womugwira kumbuyo. Akadzakana, Che Saidi adzamutenge akapange mbaula."

Che Saidi anali ndi shopu ya zitsulo pamsika wa Mitundu, ankagulanso zitsulo zakutha, ndipo anali mnzawo wa ababa wa pabawo. Kwa zaka ankawaseka kuti mu Dona muli mbaula makumi awiri ndi makasu a mudzi wonse. Amayi anawatumizira uthenga tsiku lomwelo, ife tikumva.

Sabata imeneyo ababa sanapite kudimba. Mutu unali m'boneti kuyambira m'mawa, nyumba yonse kununkha petulo, ngakhale phala. Lachitatu anapeza chimene chinkavuta. Galimoto zakale zili ndi kachingwe kotchedwa tchoki, kamene umakoka m'mawa kuti injini yozizira imwe petulo wochulukirapo. Kachingwe ka Dona kankakoka kabuleta wakutsogolo yekha. Kachitsulo kolumikiza kwa wakumbuyo kanali katathyoka kalekale, moti zaka zonsezi m'mawa uliwonse mmodzi ankadya, mnzake ali ndi njala. Ababa anadula sipoko ya njinga, anaipinda ndi pulayala, n'kulumikiza. Kenako anatenga kapaipi ka pulasitiki, mbali ina kukhutu, mbali ina pakamwa pa kabuleta, kumvetsera mmene aliyense akukokera mpweya, kupotoza kasikulu pang'ono, kumvetseranso, mpaka onse awiri anayamba kulira mofanana, fiii, ngati anthu awiri oimba mzere umodzi.

Lachinayi m'mawa, mame ali mbuu pagalasi, anakoka tchoki, anapotoza kiyi, Dona analira ndi kamodzi. Amwene, ababa anavina. Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, kuvina pachulu atanyamula sipanala. Ife tinavina nawo. Amayi anasuzumira pakhomo la khitchini n'kunena kuti, "Lero ndi Lachinayi," n'kubwerera m'kati.

Tsopano apa ndi pamene ndikulowa ine.

Lachisanu ababa anakwera njinga ndi chigubu kukagula petulo ku Mitundu. Amayi anapita kuchigayo. Ine ndi Takondwa tinagwirizana zoti Dona akafike ku Nathenje akuwala. Tinatsuka matayala, magalasi, mipando. Kenako tinatsegula boneti n'kuona zipewa zija zili bii ndi oyilo wa zaka. Ife mapoto tinkawadziwa. Tinali titaonapo ababa akumasula kangapo, timasikulu titatu pachipewa chilichonse, basi. Tinamasula, tinazula zipewa zonse ziwiri, tinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi phulusa ndi zitsononkho, kukwecha kunja kwake mpaka nkhope zathu zinayamba kuonekamo, mphuno zili zazikulu ngati mbatata.

Takondwa anapita kukatunga madzi otsukuluzira. Ine ndinatsala ndekha ndi zipewa ziwiri pamwendo, zofanana ndendende, ndipo m'mutu mwanga munabwera ganizo. Kusukulu ine ndi Takondwa tinkasinthana mabenchi, aphunzitsi osadziwa teremu yonse. Nde ndinati, ababa ife satisiyanitsa, tione ngati mapasa awo achitsulowa amawadziwa. Chakutsogolo ndinachiika kumbuyo, chakumbuyo kutsogolo. Chimodzi chinalimbalimba polowa, ndinachikanikiza ndi chigongono, chinalowa. Takondwa sindinamuuze.

Madzulo ababa atatsegula boneti anaimba likhweru. "Ndani wawalitsa chonchi?" Tinati ndife. "Simunamasule kanthu?" Tonse awiri pamodzi tinati ayi. Anatigulira zitumbuwa, chimodzi chimodzi. Petulo anali wowerengeka, wongokwana ulendo, nde sanamulize Dona tsiku limenelo. Ine ndinagona ndikuseka ndekha m'bulangete kuti ndawapeza.

Loweruka. Amayi atavala chitenje chatsopano, dengu la ufa lili m'buti, nkhuku yomanga miyendo ili pansi pa mpando wathu, ife tili m'madiresi ofanana achikasu, Vaselini mpaka m'makutu. Ababa jekete. Anakhala pampando ngati woyendetsa ndege, anakoka tchoki, anapotoza kiyi.

Dona anazungulira, anazungulira, anatsokomola kamodzi, zii.

Anayesanso. Chimodzimodzi. Kachitatu ngakhale kutsokomola komwe kunalibe. Ndipo nthawi yomweyo tinamva mabelu a ng'ombe pamsewu. Che Saidi, pangolo, atavala kofia yawo yoyera, tcheni chachikulu chili pamiyendo.

"Mwadzuka bwanji aPhiri? Ndamva kuti kuno kuli maliro, ndabwera ndi bokosi."

"Wodwala akadapuma, Che Saidi. Bwererani."

"Ine sindithamanga. Ng'ombe zanga zimalira ndi kamodzi m'mawa uliwonse."

Amayi anatsika m'galimoto, anatulutsa mpando, anabweretsa tiyi ndi mbatata yootcha. "Imwani kaye tiyi, Che Saidi. Kapu ikatha, mangani tcheni."

Ababa anavula jekete n'kuyamba kusaka, ndipo ndimakumbukirabe mmene ankachitira mwadongosolo, osathamanga, akudzilankhulira okha. Batire: analitchajitsa dzana lake pa babashopu ya pamsika, linali ndi moto. Anazula pulagi imodzi, anaigoneka painjini, Che Saidi anapotoza kiyi ndi dzanja limodzi, kapu ili kudzanja linalo, kamoto kabuluu kanathetheka. Moto ulipo. Anamasula timapaipi ta petulo, makabuleta onse awiri anali okhuta. Anakoka tchoki n'kusuzumira, sipoko ya njinga inali kugwira ntchito yake. Kenako anazula mapulagi onse anayi n'kuwandanditsa pansalu. Awiri akumbuyo anali onyowa kwambiri ndi petulo. Awiri akutsogolo ouma gwa.

"Wina akudya, wina sakudya," anatero. "Koma chifukwa chake n'chiyani, mbale zonse zili zodzaza?"

Ndinayang'ana zikhadabo zanga, phulusa likadalimo. Batire nalo linali litayamba kufooka, sitata ikuzungulira mwaulesi ngati munthu wokoka mtondo. Ababa anati kwatsala kuyesa kamodzi, mwina kawiri.

Anachotsa zosefera mpweya, analowetsa chala pakamwa pa kabuleta wakumbuyo, anakweza pisitoni ija n'kuisiya. Inagwa, kha. Analowetsa chala kwa wakutsogolo. Pisitoni inali itakakamira m'mwamba. Anaikokera pansi movutikira, anaikwezanso, anaisiya. Inangokhala pomwepo ngati mwana wokana kutsika mumtengo. Pisitoni ikatsalira m'mwamba chonchi, khomo la mpweya limakhala lotseguka kwambiri, injini imangomeza mphepo popanda petulo.

"Dzana amagwa bwinobwino uyu," ababa anatero, akukanda m'mutu ndi dzanja la oyilo. Anamasula chipewa, anachiyang'ana padzuwa, anapukuta, anabwezera. Chimodzimodzi.

Ndili pomwepo ndinaona chinthu china. Che Saidi akangomwa pang'ono n'kuika kapu pansi, amayi ankabwera ndi ketulo mwakachetechete n'kudzazanso. Kapu sinafikepo ngakhale pakati. Nkhope ya amayi inali youma ngati ya woweruza milandu, koma ketulo inabwerera pamoto kawiri.

"Mayi a mapasa," Che Saidi anatero, "kapu yanuyi ili ndi kasupe pansi?"

"Kwazizira, Che Saidi. Imwani."

Ababa analowa m'nyumba n'kutuluka ndi sandipepala. Anagwada m'fumbi, pisitoni ili m'manja, ndipo mawu awo anali atasintha. "Ndikaipala, mwina igwa. Koma ndikapala mopyola, mpweya uzidutsa m'mbali, ndiye kuti ndamupha ndekha. Ina ngati iyi simungaipeze, ngakhale mutafika ku Lilongwe n'kugubuduza msika wonse." Che Saidi nawo anasiya nthabwala. Anaika kapu pansi n'kunena kuti, "Taganizani kaye, aPhiri. Chitsulo sichitupa chokha usiku umodzi."

Anzanga, m'mutu mwanga munali msonkhano. Ndikanena, ndiye kuti ndaulula kuti tinanama, ndipo chilango chigwera ndi Takondwa yemwe, amene za kusinthanitsa sankazidziwa n'komwe. Komanso pamaso pa mlendo. Ndikakhala chete, palibe amene adzadziwe mpaka kalekale, Dona apita pa tcheni, ababa adzaganiza kuti nzeru zawo ndi zimene zalephera. Ndinayang'ana ababa. Bondo la thalauza lawo la kutchalitchi linali m'fumbi, ndipo sandipepala inali itakhudza kale chitsulo.

"Ababa, chipewacho si chake."

Anatukula mutu.

"Ndinasinthanitsa. Ndimafuna ndione ngati mungazindikire."

Nkhuku ya m'galimoto ija ndi imene inayankha. Takondwa anandiyang'ana ndi maso oti tikaonana kuseri. Che Saidi anayamba kugwedezeka mapewa, kofia n'kutsetserekera pamphumi, akuyesetsa kuti tiyi asatuluke m'mphuno.

Ababa anaika sandipepala pansi pang'onopang'ono ngati ndi njoka. Anamasula chipewa chakumbuyo, anabwezera chilichonse kwa mwini wake, anamanga timasikulu mosinthanasinthana, anadontheza oyilo uku dontho, uku dontho. Chala kutsogolo: kha. Chala kumbuyo: kha. Anabwerezanso kuti amve bwino, ndipo ndinaona masharubu awo akunjenjemera.

"Maso amati n'zofanana," anauza Che Saidi, osati ine. "Koma chilichonse chadyana ndi pisitoni yake kuyambira ine ndili mnyamata. Sichingavale cha mnzake."

Mapulagi onyowa aja anawaumitsa pambaula ya amayi, pambali pa ketulo. Anawabwezera akutentha, akuwaponyaponya m'manja ngati mbatata. Kenako anakhala pampando, anapukuta manja, anakoka tchoki. Amayi anali ataima ndi ketulo m'manja, osathira. Sitata inazungulira kamodzi mwaulesi, kachiwiri mwaulesi kwambiri, ine ndinatseka maso.

Dona anabangula. Ng'ombe za Che Saidi zinadzidzimuka n'kuthamanga ndi ngolo mpaka m'munda wa chinangwa, mwini wake akuzithamangira, kapu ikadali m'manja. Anthu oyandikana nafe anatuluka, ena atakonzeka kale kukankha mwachizolowezi, n'kupeza palibe chokankha.

Ababa anatulutsa mutu pawindo n'kuloza ine. "Takondwa, usadzayerekezenso."

"Ndine Tadala, ababa."

"Nonse."

Mlandu anagamula amayi, tili kale m'galimoto. Anati poti phulusa timalikonda, mapoto onse a pakhomo ndi athu mpaka sukulu itatsekera, kuphatikizapo miphika ikuluikulu ya kumpingo ija yophikira pamisonkhano. Takondwa ananditsina kuyambira pachulu mpaka tinawoloka kamlatho kachiwiri, malo amodzimodzi pantchafu.

Koma ulendo umenewo, abale. Msewu wafumbi wodutsa m'midzi, minda itakololedwa, mapesi ali mbwee, phiri la Bunda likutiperekeza pawindo. Fumbi linkalowera pansi pa mipando pamene panali mabowo, madiresi achikasu anasanduka ofiirira. Fungo la chikopa chakale, petulo ndi nkhuku. Ana ankathamangira m'mbali mwa msewu akukuwa dzina la Dona, chifukwa ambiri a iwo anali atamukankhapo. Ababa ankaimba nyimbo ya kutchalitchi mothamangitsa ngati ya pa ukwati. Ndipo amayi, amene anaitana tcheni, anali atatulutsa chigongono pawindo, duku likuuluka, akukweza dzanja pang'ono kwa amayi anzawo a pamjigo ngati mkazi wa bwana.

Titafika ku Nathenje, abale onse anatuluka, amayi aang'ono ali ndi khanda m'manja. Ababa anafuna kukaimika Dona potsetsereka, kuseri kwa nkhokwe, mwachizolowezi. Amayi anati ayi, imikani pompano pabwalo. Anaimika. "Zimitsani." Anazimitsa. Amayi anadikira mpaka alamu awo onse atayandikira, ndiye anati, ngati akungocheza, "Bambo a mapasa, tamulizaninso, ndikuona ngati mwatsekereza njira ya kukhitchini." Njira inali yotseguka bwinobwino. Ababa anapotoza kiyi, Dona analira ndi kamodzi, anasuntha mapazi awiri, n'kuzimitsanso. Amayi anatsika pang'onopang'ono, akukonza chitenje.

Masiku ano zinthu zinasintha. Galimoto ikakana kulira pa Mitundu pano, mnyamata amabwera ndi kamakina, amalumikiza pansi pa chiwongolero, foni n'kumuuza chimene chavuta, nthawi zina m'chizungu choti iye mwini sakuchimva. Palibenso woika paipi kukhutu. Palibenso ana odziwa kulemera kwa galimoto ndi mapewa awo. Sindikudandaula, inenso moyo wanga uli pafoni, ndipo kukankha sindikusowa ngakhale pang'ono. Koma ababa makutu anayamba kuwavuta, ndipo ndikaganiza kuti mlingo wonse wa injini ija unali m'khutu la munthu mmodzi, popanda pamene unalembedwa, ndimaopa kuti udzatha nawo limodzi. Dona akadalipo. Amatuluka pa Khirisimasi ndi pa maukwati a pachibale, ndipo boneti yake anaiika loko.

Takondwa ndi namwino tsopano, koma nkhaniyi sanaikhululuke. Mpaka lero amati ndinapupuluma. Akuti ndikanakomoka dala, anthu onse n'kuthamangira kwa ine, iye n'kubwezeretsa zipewa mwakachetechete, miphika ya kumpingo ija osaiona. Ine ndimamuuza kuti akanabwezeretsa bwanji zinthu zoti sankazidziwa, iye amati ndikanamunong'oneza ndisanagwe. Tikayamba zimenezi pafoni, mayunitsi amatha.

Nde tandiuzani inuyo, ndipo musaname poti muli kuseri kwa sikirini. Muli ndi zaka khumi, phulusa lili m'zikhadabo, bambo anu agwada m'fumbi ndi sandipepala, mlendo ali pompo ndi tcheni, m'bale wanu wosalakwa ali pambali panu ndipo mukudziwa kuti chilango n'cha awiri. Mukanatsegula pakamwa, mukanakomoka, kapena mukanangoyang'ana nkhuku?